Kuika PDU m'kabati ya netiweki motsatira malamulo a zamagetsi

Kumangirira PDU kumbuyo kwa kabati ya netiweki ndi ntchito yosatenga ndi ola lomwe. Zotenga nthawi ndi zimene mumachita musanagwire sipanala, ndi zimene zimatsatira mukaiika pansi. PDU ndi chipangizo chachitali cha masoketi ambirimbiri, chimene chimalandira magetsi pa laini imodzi n'kuwagawira ma switch, marauta, maseva ndi zina zonse za m'kabatimo. Poiona imafanana ndi ekisitenshoni ya m'nyumba, ndipo ambiri amasokerera pomwepa, amaigula poyang'ana kuchuluka kwa masoketi basi. Komatu ya m'nyumba imagwira ntchito madzulo n'kupuma, pamene iyi imasenza katundu usana ndi usiku kwa zaka, ili mumpweya wotentha, popanda woiyang'ana.

Malangizo onsewa akuyankha funso limodzi: tsiku limene imodzi mwa malaini odyetsa kabati magetsi idzazime, kapena waya wamoto adzakhudze chitsulo cha kabati, chidzachitike n'chiyani? Malamulo a zamagetsi nawo analembedwa poyankha funso lomweli. Mukaliyankha bwino, kukhutiritsa woyendera ntchito za magetsi sikukhalanso ntchito yapadera.

Yambani ndi kudziwa pamene manja anu akulekezera

Ntchitoyi ili pawiri. Kukoka laini kuchokera ku bokosi la mabureka (maswichi ozima okha magetsi akachuluka) mpaka pa soketi ya pafupi ndi kabati ndi ntchito ya mmisiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso, ndipo ndi iye amene amasaina satifiketi. Kuyambira pa pulagi kupita m'kabati, wa zanetiweki wophunzitsidwa bwino atha kugwira. Mayiko ambiri malamulo awo a kaikidwe ka magetsi amatsatira muyezo wa mayiko osiyanasiyana wotchedwa IEC 60364. Ku Britain buku lake ndi BS 7671, ku South Africa ndi SANS 10142-1, ku Australia ndi New Zealand ndi AS/NZS 3000, pamene America ili ndi lakelake, NFPA 70, lodziwika kuti NEC. Pezani limene likugwira ntchito kumene muliko, komanso kope lake la panopa, chifukwa mabukuwa amasinthidwa pakapita zaka zingapo.

Gawo loyamba: werengani katundu

Apa m'pamene pali mtima wa ntchito yonse, choncho tichedwapo.

Lembani chipangizo chilichonse chimene chilowe m'kabati ndi ma watt ake. Nambala yolembedwa pa power supply, kabokosi kolandira magetsi m'chipangizomo, imanena malire a power supply yomweyo, osati magetsi amene chipangizocho chimadya tsiku ndi tsiku. Seva ya power supply ya 800 W imatha kumadya theka lokha. Ngati chipangizocho chikugwira kale ntchito kwina, yezani ndi clamp meter, mita yoyeza ma amp poipanitsa pa waya, pa nthawi imene chatanganidwa kwambiri. Ngati n'chatsopano, onani m'mabuku a wochipanga, pamene amalemba zimene chimadya nthawi zonse ndi zimene chimadya chikafika pachimake.

Ma switch a PoE ndi amene amapusitsa anthu. Switch payokha imadya pang'ono, koma imadyetsanso makamera, mafoni ndi ma access point kudzera m'mawaya a netiweki. Muyezo wa IEEE 802.3af wa 2003 umalola 15.4 W pa port imodzi, 802.3at wa 2009 unakweza kufika 30 W, ndipo 802.3bt wa 2018 umafika 90 W. Switch ya ma port 48 yopereka 30 W paliponse ikutulutsa 1,440 W, musanawerengere zodya yokha. Tsiku loiika mwina palumikizidwa makamera asanu okha. Chaka chikamatha ma port onse adzaza, ndipo palibe amene wabwerera ku masamu aja.

Tiyerekeze kabati ya ma switch atatu, iliyonse yofika 900 W pachimake, maseva awiri a 450 W, ndi rauta pamodzi ndi firewall zodya 150 W zonse ziwiri. Zonse pamodzi ndi 3,750 W. Kuti mupeze ma amp, gawani ma watt ndi ma volt ochulukitsidwa ndi power factor, nambala yosadutsa 1 yosonyeza gawo la magetsi limene likugwiradi ntchito. Ma power supply amakono power factor yawo imakhala pafupi ndi 1, ndiye tiyeni titenge 0.95. Pa 230 V, yankho ndi pafupifupi 17 A. Laini ya 16 A, imene pa 230 V imanyamula 3,680 VA (ma volt kuchulukitsa ndi ma amp), yachepa kale. Mukawonjezera gawo limodzi mwa magawo anayi posungira zobwera m'tsogolo, mufika pa 21 A ndi kanthu. Apa mufunika laini ya 32 A, yonyamula 7,360 VA. Kabati yodzaza maseva imafuna three-phase, magetsi a mawaya amoto atatu: pa 400 V, 16 A imapereka pafupifupi 11 kVA, ndipo 32 A imapereka 22 kVA.

NEC imati katundu woyaka maola atatu kapena kupitirira osalekeza asadutse 80 peresenti ya bureka. N'chifukwa chake PDU ya ku America ya pulagi ya 30 A imalembedwa 24 A. M'mayiko otsata IEC, PDU imalembedwa mphamvu yake yonse, koma ine ndimalangiza kusunga malire a 80 peresentiwo kulikonse. Bureka yotentha imagwa msanga kuposa yozizira, ndipo zipangizo zikamayaka zimakoka magetsi ochuluka kwa kanthawi.

Tsopano nkhani ya mbali ziwiri. Zipangizo zofunika zimakhala ndi ma power supply awiri, wina wolowa ku PDU ya mbali A, wina ku ya mbali B. Tsiku labwinobwino zimagawana katundu, moti m'chitsanzo chathu mita ya PDU iliyonse izionetsa pafupifupi 9 A. Wina wobwera ndi seva yatsopano aona 9 pa 32 n'kuganiza kuti malo ndi mbwee. Aonjeza, mnzake aonjeza, mpaka mbali iliyonse ifika 20 A. Tsiku limene A idzazime, B idzalandira 40 A, bureka yake idzagwa, ndipo kabati yonse idzakhala zii, ngakhale munalipira mbali ziwiri. Choncho mbali iliyonse isadutse 40 peresenti ya bureka yake. Pa 32 A ndiye kuti 13 A ndi pothera. Ilembeni nambalayi ndi zilembo zazikulu pachitseko cha kabati.

Onetsetsaninso kuti A ndi B n'zosiyanadi. Ma PDU awiri ochokera ku bureka imodzi, kapena ku UPS imodzi (chipangizo cha mabatire chopitiriza kupereka magetsi akazima), ndi mbali imodzi yokhala ndi michira iwiri. Ngati ndalama sizikulola ma UPS awiri, ikani A pa UPS, B pa laini ina yosadzera mu UPS. Chipangizo cha power supply imodzi mutha kuchilumikiza kudzera mu ATS ya m'kabati, imene imachisamutsira ku mbali yamoyo mofulumira chisanazime.

Gawo lachiwiri: sankhani PDU

Pali ma PDU wamba ongogawa magetsi, pali a mita, pali otumiza mawerengo pa netiweki, ndipo pali amene soketi iliyonse mutha kuizimitsa muli kutali. Wamba uja sindimulimbikitsa pa kabati ya mbali ziwiri, pakuti malire a 40 peresenti simungawasunge popanda mita. Yozimitsira kutali ndi yothandiza kumalo kumene kulibe munthu, koma dziwani kuti aliyense amene angalowe mu PDU imeneyo pa netiweki angathe kuzimitsa maseva anu.

Werengani masoketi malinga ndi mtundu wake, osangoti kuchuluka. Pa IEC 60320, C13 ndi C14 zimanyamula 10 A, pamene C19 ndi C20 zimanyamula 16 A. Ku North America zomwezi zimaloledwa 15 A ndi 20 A. Pali kamsampha kena: ma switch ena a PoE polowera pawo ndi C16, pofuna chingwe cha C15 chopirira kutentha kwa 120 °C, chimene chili ndi kamphako pansi pake. C13 wamba, wopirira 70 °C, salowa pamenepo, ndipo musamukakamize pomusema ndi mpeni. Pulagi yaikulu ya PDU nthawi zambiri imakhala ya IEC 60309, yobulungira ija: yabuluu ndi ya 230 V, yofiira ndi ya 400 V.

PDU ya 32 A imakhala ndi mabureka akeake, kawirikawiri awiri a 16 A, aliyense woteteza gulu lake la masoketi. Ndiye kuti simungaunjike zolemera zonse pa gulu limodzi poganiza kuti muli ndi 32 A. Masamu a mbali ziwiri aja abwerezeninso pa gulu lililonse.

Yang'anani kutentha kumene PDU imapirira. ASHRAE, bungwe la akatswiri a zoziziritsa ndi kutenthetsa nyumba, imalangiza kuti mpweya wolowa kutsogolo kwa zipangizo ukhale pakati pa 18 ndi 27 °C, koma PDU imakhala kumbuyo, kumene mafani amalavulira mpweya wotentha, ndipo kumeneko kumatha kudutsa 40 °C. Ma PDU ena amapangidwira 45 °C, ena 60 °C.

Za zizindikiro: muyezo wa chitetezo cha zipangizo za makompyuta ndi IEC 62368-1, umene unalowa m'malo mwa IEC 60950-1, ndipo ku Ulaya ndi ku North America kusinthaku kunachitika pa 20 December 2020. Chizindikiro cha CE chimatanthauza kuti wopanga wanena yekha kuti watsatira malamulo a European Union, monga 2014/35/EU wa chitetezo cha magetsi ndi 2014/30/EU woletsa zipangizo kusokonezana. Cha UL kapena cha labotale ina yovomerezeka chimatanthauza kuti wina wapadera wayesa. Kusindikiza chizindikiro pa bokosi n'kosavuta, choncho pemphani wogulitsa akupatseni chikalata chenicheni chokhala ndi nambala ya mtundu umene mukugulawo. Akamazengereza, kagulani kwina.

Gawo lachitatu: kambiranani ndi mmisiri za laini

Musangomuuza kuti akokere soketi. Muuzeni kuti kumapeto kwake kukhala ma power supply ambiri, chifukwa zimenezi zimasintha zinthu zingapo.

Ma power supply akayaka pamodzi, monga magetsi akabwera atazima, amakoka mphamvu yaikulu m'kanthawi kochepa zedi. Bureka ya mtundu B imagwa pompo magetsi akafika kuchulukitsa katatu mpaka kasanu kuposa nambala yake, ya C kasanu mpaka kakhumi, ya D kakhumi mpaka ka 20. Kabati zambiri zimayenda bwino pa C. Koma kukwera ku C kapena D sikongosintha bureka: mmisiri ayenera kuyeza kuti waya wamoto akakhudza chitsulo, magetsi odutsawo akwanira kuigwetsa msanga. Pa 230 V, m'dongosolo la TN, limene earth ya nyumba imalumikizidwa ku neutral ya kochokera magetsi, nthawi yake ndi masekondi 0.4.

Chachiwiri, power supply iliyonse imadonthetsera magetsi pang'ono mu waya wa earth ngakhale ili yabwinobwino. Imodzi sikanthu, koma makumi awiri akaphatikizana ndi nkhani ina. RCD ndi swichi yozimitsa magetsi akamadontha chotere; ya 30 mA imaloledwa kugwa kuyambira pa 15 mA, ndipo malamulo amalangiza kuti zodontha za tsiku ndi tsiku zisadutse 30 peresenti yake, kutanthauza 9 mA. RCD ikamagwa usiku popanda chifukwa chooneka, mankhwala ake si kuichotsa mwakachetechete. Gawani katundu pa malaini angapo, iliyonse ndi chitetezo chake, ndipo RCD ikhale ya mtundu A kapena woposa pamenepo, osati ya mtundu AC. Ngati lamulo la kwanuko limalola laini ya kabati kukhala yopanda RCD, chigamulo chimenecho n'cha mmisiri, ndipo chilembedwe. Zodonthazo zikadutsa 10 mA, waya wa earth ayenera kukhala wamkuwa wa 10 mm² kapena akhale awiri, chifukwa akaduka, chitsulo chonse cha kabati chikhala ndi moto.

Pa three-phase, waya wa neutral asachepetsedwe, ndipo katundu agawidwe mofanana pa ma phase onse atatu. Pomaliza, funsani za SPD yoteteza ku mphenzi ndi kukwera kwadzidzidzi kwa magetsi: ya Type 2 pa bokosi la mabureka, ndipo mawaya ake onse pamodzi asatalike kupitirira theka la mita, apo ayi mphamvu yake yoteteza imachepa.

Gawo lachinayi: zimitsani, tsekani, yezani

Gwetsani bureka, ikhomeni ndi loko, kiyi ikhale m'thumba mwanu, ndipo pachikani chikwangwani cha dzina lanu. Yesani tesita yanu pamalo amene mukudziwa kuti pali moto, yezani laini imene mukugwirayo, kenako yesaninso tesita ija pamoto. Kumbukirani kuti m'chipinda chotere magetsi amachokera kungapo. Kuzimitsa bureka ya A sikuzimitsa B, ndipo UPS imapitiriza kutulutsa moto kuchokera m'mabatire ngakhale mutaizula kukhoma.

Gawo lachisanu: earth ya kabati, PDU isanalowe

Waya wa earth wa m'chingwe cha PDU sakwanira payekha. Miyezo ya TIA-607 ndi ISO/IEC 30129 imafuna kuti kabati iliyonse ikhale ndi waya wakewake wopita ku chitsulo chamkuwa cha earth cha m'chipindamo, ndipo chitsulocho chilumikizane ndi earth ya nyumba yonse. TIA-607 imati wayayo asachepere 6 AWG, ndipo pa muyeso wa mamilimita wofananirapo ndi 16 mm². Musalumikize kabati ina kudzera mwa inzake ngati unyolo, chifukwa tsiku lochotsa yapakati, zonse za kutsogolo zidzatsala zopanda earth. Musakhomenso chitsulo chapadera m'nthaka choti chikhale cha makompyuta okha osachilumikiza ku earth ya nyumba. Mphenzi ikagwa pafupi, kusiyana kwa mphamvu pakati pa ziwirizo kumadutsira m'mawaya a netiweki.

Penti salola magetsi kudutsa. Palani pamene pakhale lagi, kachitsulo ka kumapeto kwa waya komangidwa ndi bawuti, mpaka chitsulo chiwale, kapena gwiritsani mawashala a mano oboola penti, ndipo pakani mankhwala oletsa dzimbiri. Lagi ikhale ya mabowo awiri, yofinyidwa ndi chida chake, osati ndi pulayala. Zitseko ndi zotsekera m'mbali zikhale ndi timawaya tawo, popeza mahinjesi sadalirika. Ma PDU ambiri ndi ma switch akuluakulu ali ndi kabawuti ka earth kunja kwake. Kalumikizeni.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mangirirani

Apa m'posavuta. PDU yoimirira imakolekedwa kumbuyo ndi timabatani tolowa m'mabowo a kabati, osadya malo a zipangizo. Yopingasa imadya 1U kapena 2U m'kabati ya mainchesi 19, ndipo 1U ndi mamilimita 44.45. Imeneyi imamangidwa ndi ma cage nut ndi mabawuti a M6. Ikani A mbali ina, B mbali inayo. Chingwe chachikulu chiyang'ane kumene magetsi akuchokera, pansi kapena pamwamba, ndipo chimangiriridwe kuti kulemera kwake kusakoke pulagi. Musanakhwimitse, yesani kusolola power supply ya seva yaitali kwambiri, muone ngati ikutuluka osagunda PDU. Mita ndi mabureka zioneke mukatsegula chitseko. UPS ndi mabatire zikhale pansi penipeni.

PDU isalowetsedwe mwa PDU inzake kapena mu ekisitenshoni. Masoketi akachepa, yankho ndi laini ina.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kuyeza katundu asanalowe

Mmisiri ayeze laini motsatira IEC 60364-6 kapena buku la kwanuko. Aone kuti earth ndi yosaduka kuyambira ku bokosi mpaka pa soketi, kuti mawaya sanasinthane, ndiponso kuti zokutira mawaya zili bwino. Poyeza zokutirazi amagwiritsa 500 V DC ndipo zotsatira zisachepere 1 MΩ, koma PDU ikhale itazulidwa, chifukwa mphamvu imeneyo itha kuwononga mita yake. Mitundu ya IEC ndi iyi: wamoto ndi wabulawuni, neutral ndi wabuluu, earth ndi wobiriwira ndi chikasu, ndipo pa three-phase amoto ndi wabulawuni, wakuda ndi wotuwa. Ku America wakuda ndi wamoto, woyera ndi neutral, wobiriwira ndi earth. M'nyumba zakale mupeza mitundu ina, choncho khulupirirani mita, osati maso.

Zikatero lowetsani PDU ili yopanda kanthu, yatsani, ndipo yezani ma volt pa soketi ya gulu lililonse. Yezaninso kulumikizana kwa earth ya soketi ndi chitsulo cha kabati.

Gawo lachisanu ndi chitatu: zingwe ndi zolemba

Gulani zingwe zazifupi zongokwanira, za mitundu iwiri, wina wa A, wina wa B. Munthu wotopa, wogwira ntchito pakati pa usiku, amaona mtundu asanawerenge chilembo. Za C19 zikhale za 1.5 mm² kapena kuposa. Zokhala ndi loko, kapena masoketi ogwira chingwe, zimaletsa kuzuka wina akamasuntha mawaya. Chingwe chotsala musachikulunge mothina, chimatentha. Zingwe za magetsi zidzere njira yake, za netiweki zamkuwa njira yakenso, ndipo ngati ziyenera kukumana, zidutsane mopingasa. EN 50174-2 imafotokoza kutalikirana koyenera malinga ndi mtundu wa waya ndi chodutsamo.

Lembani chingwe chilichonse kumapeto onse awiri: chipangizo, PDU, nambala ya soketi. Pa PDU lembani bokosi ndi bureka imene ikuidyetsa. TIA-606 ili ndi dongosolo la malembedwe ngati mukufuna lofanana nyumba yonse. Pachitseko pakhale chenjezo lakuti kabatiyi imalandira magetsi kuchokera mbali ziwiri.

Gawo lachisanu ndi chinayi: yatsani, kenako zimitsani dala

Yatsani chipangizo chimodzichimodzi, diso lili pa mita. Ngati PDU imalola, ikani kuti masoketi aziyaka motsatizana, masekondi angapo pakati pake, ma switch poyamba, maseva pambuyo. Sinthani pasiwedi imene inabwera ndi PDU, iikeni pa netiweki ya oyang'anira okha, ndipo potumiza mawerengo gwiritsani njira yotetezedwa ya SNMPv3, osati mitundu yakale yotumiza zonse poyera. Alamu yoyamba ikhale pa 40 peresenti ija.

Ndiye pakubwera chiyeso chimene ambiri amachithawa. Pa nthawi imene mwagwirizana ndi eni ntchito, gwetsani bureka ya A. Palibe choyenera kuzima. Lembani ma amp a B pa gulu lililonse, dikirani mphindi zingapo, bwezeretsani A, kenako chitani chimodzimodzi ndi B. Apa m'pamene mumatulukira seva imene zingwe zake zonse zinalowa mbali imodzi, kapena power supply imene inafa kalekale osadziwika. Yesaninso UPS pozimitsa magetsi oilowa, ndipo ngati pali jenereta, onani ngati UPS ikulandira magetsi ake osakana.

Mawu ochepa kwa ogwira zipangizo za makampani a mafoni zoyendera -48 V DC. Kumeneko waya wa positive ndi amene amapita ku earth, ndipo mitundu ya mawaya imasiyana malo ndi malo, choncho yezani musanalumikize. Katundu wa 1,000 W amakoka pafupifupi 21 A pa 48 V, pamene pa 230 V ndi 4 A ndi kanthu, ndiye mawaya ayenera kunenepa. Mabureka ndi mafyuzi akhale olembedwa kuti ndi a DC. Vulani mphete ndi wotchi, chifukwa mabatire amenewa angathe kusungunula sipanala.

Zikalata

Woyendera, kaya wa boma, wa inshuwalansi kapena wa kasitomala, amafuna umboni. Sungani pamodzi satifiketi ya mmisiri ndi zotsatira za kuyeza, zikalata za PDU ndi UPS, chojambula chosonyeza njira ya magetsi kuchokera ku bokosi mpaka pa soketi, masamu a katundu, ma amp a tsiku loyesa A ndi B, ndi zithunzi za malo olumikizira earth. Ngati chipindacho chikuyesedwa pa miyezo ya zipinda za maseva monga TIA-942, EN 50600 kapena ISO/IEC 22237, zikalata zomwezi ndi zimene adzayambire kufunsa.

Pakatha milungu ingapo kabati ikugwira ntchito, bwererani ndi kamera yoona kutentha. Yang'anani pulagi yaikulu, mabureka ndi masoketi a C19. Malo otentha kuposa anzake osenza katundu wofanana ndi chizindikiro chakuti china chakhwepa pamenepo, ndipo chikonzedwe magetsi atazimitsidwa. Kuyambira pamenepo, aliyense wobweretsa chipangizo chatsopano ayambe walemba ma watt ake papepala la masamu lija, n'kuona ngati 13 A ya pachitseko ikumulola.